Mitengo Isanu ndi Iwiri ya Khofi Kuseri kwa Khola

Wakhala bwino, mkazi mnzanga? Lemba tsono, koma ulembe monga ndikunenera, usandikonzere mawu ngati ndine wa pa wailesi. Ine sukulu ndidangoidutsa panja popita kudambo, ndiye mawu anga ndi omwewa.

Mitengo ya khofi ili kuseri kwa khola ija, isanu ndi iwiri, adadzala ndi agogo ako aamuna. Ali anyamata adakagwira ntchito ku esiteti ku Thyolo, kupalira ndi kuthyola. Pobwerako anzawo adabwera ndi njinga, ena wailesi, ena nsapato zolira poyenda. Iwo adabwera ndi timbande m'thumba lonyowa. Ndidawafunsa, "Kodi zimenezi n'zodya?"

Iwo adati, "N'zomwa. Amamwa mabwana."

"Nanga inu mudamwako?"

Adangoyang'ana kumbali n'kuyamba kukumba maenje. Munthu adathyola khofi madengumadengu zaka zonsezo, koma pakamwa pake sipadafike ngakhale dontho.

Mitengo idagwira, pajatu kuno kumtunda n'kozizira, ndiye imakonda. Mvula ikayamba imachita maluwa oyera onunkhira mpaka pakhonde, nyengo yozizira zipatso n'kufiira kuti psuu. Amayi ako ndi amalume ako ali ana ankathyola, kutsopa kutsekemera kwa pakhungu, njere n'kulavula. Mbalame nazo chimodzimodzi. Agogo ako ankangoidulira, kuithira manyowa, masana n'kukakhala pansi pake, chikhalirecho mthunzi wake ndi wosakwana ndi nkhuku yomwe. Ukawafunsa ankati, "Chuma ichi." Chumacho chidadyedwa ndi apumbwa mpaka iwo kumwalira.

Patapita zaka ziwiri chimwalirire, amalume ako adabwera m'mawa wina, kukhala pampando, kutsokomola kawiri. Ndidadziwiratu kuti pali nkhani. Paja iwo ndi alimi a kachewere, akaona dothi lakuda maso amachita kuwala.

"Amayi, mitengo ija ichoke. Manyowa onse a m'khola amatsikira pamenepo. Pamalo paja kachewere angabereke ngati maungu."

"Mitengo ya bambo anu?"

"Bambo adapita, amayi. Mtengo wosadyedwa ndi nkhuni."

"Anthu amamwa."

"Anthu ake ati? Inu mudamwako?"

Ndidangokonza mpango kumutu. Iwo poona kuti andigwira adaseka, n'kunena kuti, "Chabwino, tipangane. Mvula isanagwe mundiphikire kapu imodzi ya khofi wa mitengo imeneyo. Ndikamaliza kapuyo osalavula, itsala. Ndikalephera, ndibwera ndi nkhwangwa."

Ndidavomera. Usandione ngati wamakani chabe. Jekete la agogo ako lidadyedwa ndi njenjete, khasu lawo lidatha, chipewa chidapita ndi mlamu wawo. Chatsala chimene manja awo adachigwira n'chomwecho, mitengo isanu ndi iwiri. Ndikamapita kukatsegulira mbuzi ndimadutsa pomwepo, ndipo pena ndimawadandaulira za bondo langali. Sayankha, koma ngakhale ali moyo sankayankhanso.

Zoyambirira sizidandivute, chifukwa agogo ako ankazinena kawirikawiri ngati nyimbo. Kuthyola zofiira zokhazokha, zobiriwira ayi. Kufinya kuti njere zituluke, ziwiriziwiri m'chipatso chimodzi. Kuviika m'madzi mpaka kuterera kuthe, kutsuka, kuyanika pamkeka masiku ambirimbiri, kenako kukonola pang'onopang'ono mumtondo kuti kakhungu kouma kachoke, n'kupeta. Zidatuluka njere zotuwa mobiriwira, zolimba ngati timiyala, fungo lake la udzu wouma. Zidadzaza mbale zitatu zodyera. Ndidaziyang'ana n'kunena kuti mabwana ndi anthu opirira.

Vuto lidali lakuti nzeru za agogo ako zidathera pomwepo. Ku esiteti njere zikauma ankazithira m'matumba, lole n'kunyamula. Kumene lole inkapita iwo sadafikeko. Ankangoti, "Amakazinga." Ndidati ngati ndi kukazinga, amenewo ndiye masewera anga. Ine ndidayamba kukazinga mtedza ndisanamere mano onse.

Ndidatenga phale langa la mtedza, moto wa zitsononkho, n'kuthiramo mbale imodzi. Kutakasa, kutakasa. Njere zidayamba kuchita chikasu, kenako zidafiirira ngati mtedza womwe wapsa bwino, ziwiri zitatu n'kulira kuti the! the! Ndidati basi zatheka. Ndiye ukudziwa zimene timachita mtedza ukafika pamenepo. Ndidasungunula mchere m'kapu n'kuwaza. Tswee! Ndidatakasa mpaka mchere udayera panjere. Ukuseka chiyani? Lemba. Udaona kuti munthu wanzeru zake akukazinga chinthu osathira mchere?

Posinja mpamene ndidadziwa kuti zinthu sizili bwino. Njere zinkathawa mumtondo, kudumpha mpaka pabwalo, nkhuku kuthamangira, kujompha kamodzi, kusiya. Ndidalimbana nazo mpaka zidasweka, ndidawiritsa madzi, n'kuthira. Madzi ake otuwa ngati a m'chithaphwi. Ndidaitana mpongozi wanga, akazi a amalume akowa, kuti alawe. Paja ndi mwana waulemu. Adagwada, kulandira ndi manja awiri, kumwa. Ndidaona khosi likukana, maso akulengeza misozi.

"Bwanji?"

"Wakoma, amayi."

Adadzuka mwaulemu womwewo n'kupita kuseri kwa nyumba. Nditalawa ndekha ndidamumvera chisoni mwana wa eni. Kuwawasa ngati bwemba, kununkha udzu, pamwamba pake mchere. Mano adachita dzanzi mpaka madzulo.

Ndidati cholakwa n'chakuti ndaphula zosapsa. Patapita masiku ndidatenga mbale yachiwiri, ulendo uno pamoto wa nkhuni zenizeni, malawi mpaka m'mbali mwa phale. Mchere ndidausiya, zimenezo ndidaphunzira. Zili pamoto choncho, mbuzi zidalowa m'dimba la mpiru. Ndidati ndingozithamangitsa n'kubwerera. Koma mbuzi ukaithamangitsa ndi bondo ngati langali imakudikira kaye kuti uyandikire. Pobwerera ndidapeza utsi uli tolo, anthu a pakhomo lapafupi atatuluka kudzaona ngati nyumba yapsa. Njere zili bii, zonyezimira ngati wazipaka mafuta odzola, zopepuka, ukafinya ndi zala zikungofumbutuka. Kusinja kwake kosavuta, ndidakondwerako. Koma kulawa, mayo! Ukudziwa piritsi la malungo likakakamira palilime, madzi atapita okha? Ndiye uwonjezerepo phulusa. Mpongozi tsiku limenelo atangoona ndikutsuka makapu adakumbukira kuti kuchigayo kukumudikira.

Idatsala mbale imodzi. Pamitengo palibenso chipatso, nyenje zayamba kulira, kumadzulo mitambo ikuunjikana. Ndipo amalume ako ankanolera nkhwangwa pamwala wa pakhomo panga, ngati kwawo kulibe miyala.

Ndidakumbukira mnzanga wa ku Nsipe. Ndi mayi wachisilamu, wamkulu ngati ine ndemwe, mwana wawo ndiye mwini golosale ina ya m'mbali mwa msewu. Tidadziwana kale ndikamatsika ndi nyemba pamutu. Iwo amandiseka kuti ife a kumapiri timayenda ndi nkhungu m'mutu, ine ndimawaseka kuti sadziwa kumene mpini wa khasu umagwiridwa. Kangapo ndidamvapo kafungo kachilendo kuchokera kuseri kwa golosaleyo, ndipo adandiuza kuti ndi khofi, iwo amati kahawa. Adaphunzira kwa bambo awo, omwe ankayenda malonda kutali mpaka kunyanja yamchere.

Ndidamanga njere zanga pakansalu, kukwera kabaza. Ndidawapeza atangomaliza mapemphero a masana. Ndidafotokoza zonse, osabisa. Nditafika pa mchere paja adagwira khoma.

"Mchere, achemwali? Nanga tomato ndi anyezi mudaiwala bwanji?"

"Sekani. Tsiku lina mudzabwera kudzandifunsa kuti kachewere amabereka kumwamba kapena pansi."

Ataseka mokwana adapukuta misozi ndi mpango, n'kutsanulira njere zanga m'manja. Adazinunkhiza, kuluma imodzi. "Njere zake n'zabwino. Mwaziyanika bwino. Mwangozizunza pamoto basi." Tidagwirizana kuti tikazinge theka, theka linalo ndibwerere nalo.

Adatulutsa mbaula. Makala adawasiya mpaka adavala phulusa loyera, opanda lawi. Chiwaya chawo chokhuthala, ndipo njere adathira zochepa, zongoyala pansi osasanjikizana. Adandipatsa mthiko. "Takasani. Dzanja lisaime. Kaya mbuzi idye mpiru, kaya idye denga, inu musadzuke."

Ndidatakasa. Njere zidachita chikasu, fungo la udzu lija lidayamba kusanduka ngati la buledi ali mu uvuni. Kenako zidafiirira, timadeya topepuka tikuuluka, n'kuyamba kuthetheka, the! the! the!, ngati chimanga chokazinga. Dzanja langa lidafuna kuphula lokha. Iwo adandimenya pamkono.

"Apa mpamene mudaphulira?"

"Pomwepa."

"Apa khofi wangodzuka kumene, sadasambe n'kumaso komwe."

Adatapa supuni ziwiri n'kuika pambali palichero. Njere zake zofiirira motuwa, zouma, zamakwinya ngati chala chokhalitsa m'madzi, mzere wa pakati uli woyera. Tidapitiriza. Kuthetheka kudatha, mudangoti zii m'chiwaya. Njere zidatupa, makwinya kuwongoka, mtundu kusanduka ngati dothi la pachulu mvula itagwa. Fungo lake tsopano ngati shuga amene wayamba kupserera. Adatapanso supuni ziwiri, mulu wachiwiri. Zotsalazo adati ndizingotakasa. Posakhalitsa zidayambanso kulira, koma mwakachetechete, tse tse tse, ngati udzu wouma ukamayaka. Utsi udachuluka, njere zidada, mafuta n'kutuluka pamwamba. Mpamene adati, "Phulani!" n'kukhuthulira palichero lina, kupeta msangamsanga kuti zizizire. Adati ukazisiya m'chiwaya zimapitiriza kupsa zokha ngakhale wachotsa pamoto.

Ndidayang'ana milu itatuyo. Njere za mtengo umodzi, zothyoledwa ndi dzanja limodzi, koma ngati ana a mabambo atatu.

Adasinja mulu uliwonse pawokha m'kamtondo kawo kakang'ono. Adandichenjeza kuti kameneko sikalawa china chilichonse. "Mtondo wanu wa nsinjiro ndi tsabola uja musayerekeze. Khofi ndi wamiseche, amanyamula fungo la aliyense amene wakumana naye." Adaphika katatu, n'kuthira m'timakapu topanda zogwirira, tating'ono ngati chigoba cha dzira.

Woyamba uja adali wowawasabe, koma wopanda mchere adali ndi ulemu wake. Kumapeto kwa lilime kumamveka kachipatso kaja ana ankatsopa. Madzi ake opepuka, ofiirira ngati tiyi. Wachiwiri kuwawasa kudachepa, kuwawa pang'ono, kutsekemera pang'ono, ndipo amakhala m'kamwa ngakhale wameza. Wachitatu wakuda bii, wolemera, wowawa, kachipatso kaja kosamvekanso, kungomveka moto. Ameneyo ndiye adathiramo jinja, kumwa, kutsinzina.

"Uyu ndiye kahawa, achemwali. Enawo ndi madzi osambitsira ana."

"Uyu ndi wa anthu olapa machimo. Ine ndidalapa kale."

"Mukazinge chonchi, mwana wanu adziwe kuti wamwa chinthu."

Ndidaganiza. Iwo adazolowera kuyambira ali atsikana. Koma womwa sadali iwo, ndipo mitengo sidali yawo. Ndidayamba kukumbukira pakamwa pa amalume ako, paja ndidapadyetsa ndine. Ali mwana thobwa likangosasa pang'ono ankalavula. Mango osapsa, anzawo akudya ndi mchere, iwo ankathawa. Ndiye mulu woyamba ayi. Mankhwala owawa tinkachita kuwagwira anthu awiri, wina miyendo wina mphuno. Ndiye wachitatu ayi. Koma kachewere wootcha ankasankha wopserera khungu, chimanga chootcha ankafuna chamawanga akuda, choyera ankapatsa amayi ako.

Ndidati, "Ndidzadutsa wachiwiriyu pang'ono. Kulira kwachiwiri kukangoyamba, mafuta asanatuluke, ndiphula."

"Kodi mukukazinga khofi kapena mukukazinga mwana?"

"Mwana."

Adaseka, koma adandibwereka chiwaya ndi kamtondo komwe. Adandiuzanso kuti ndikakazinga ndisaphike tsiku lomwelo, nditsekere m'botolo masiku awiri kuti ukali wa utsi utsike. Pondiperekeza adati, "Akakana, mubwere nayo kuno mitengoyo, ndidzala kuseri kwa golosale." Ndidati adzayambe aphunzira kugwira khasu.

Lachinayi m'mawa ndidamangirira mbuzi zonse, chingwe chilichonse mfundo ziwiri. Mpongozi ndidamuika panjira kuti aliyense wobwera kudzacheza amuuze kuti ndachoka. Ndidakoleza makala, kudikira phulusa loyera, n'kuthira njere zomaliza. Kunena zoona ndinkaopa. Pa maliro a agogo ako sindidaope choncho, chifukwa pamenepo padalibe choti ndingalakwitse.

Chikasu. Buledi. Kuthetheka koyamba. Ndidaluma mlomo, dzanja osaima. Kenako kudati zii, ndipo pamenepo mpovuta, iwe, chifukwa maso amakunamiza, utsi umalowa, phewa likuwawa, mtima ukuti phula, phula, zapsa. Ndidaweramira chiwaya khutu langa labwinoli. Ndidamva kamodzi, tse. Kachiwiri, tse. Ndidakhuthulira palichero n'kupeta ngati ndikuthamangitsidwa. Zitazizira ndidatola imodzi. Yakuda mofiirira, yosalala, yosanyezimira. Kuiluma idasweka kuti khwa, mkati ndi kunja mtundu umodzi. Ndidatsekera m'botolo n'kubisa m'dengu la zovala, poopa kuti mwina ndingayambe kulawa mpaka kutha.

Loweruka amalume ako adabwera dzuwa litangokwera, nkhwangwa paphewa. Adaiyedzamitsa pakhonde pomwe ndingaione bwino. Adabweranso ndi kapu yawo, chikapu chachitsulo chija amamwera tiyi, chokwana mwana kusambamo.

"Tidati kapu imodzi, amayi. Nayi."

"Mukadabwera ndi ndowa, bambo, kuti tidziwe kuti ndinu mwamuna."

Ndidasinja pomwepo iwo akuona. Fungo lidatuluka m'kamtondo mpaka mpongozi, amene adaima patali pokonzekera kuthawa, adasendera. Ndidawiritsa madzi, kuphula, kuthira khofi, kuvundikira pang'ono, n'kusefa ndi kansalu koyera. Chikapu chidadzaza.

"Shuga alipo?"

"Za shuga sitidapangane."

"Sitidapanganenso kuti asakhalepo."

Ndidawapatsa supuni ziwiri. Yachitatu ndidabweza dzanja, ndidati akafuna phala anene. Adatakasa nthawi yaitali, kuuzira, kununkhiza ngati galu wokayika nyama. Adamwa pang'ono. Nkhope idakwinyika.

"Akuwawa."

Adamwanso.

"Akuwawa ndithu, amayi."

"Lavulani tsono. Bwalo ndi lalikulu."

Sadalavule. Adakhala akuyang'ana m'kapu, kutafuna m'kamwa mopanda kanthu, n'kumwanso. Adayamba kukamba za mtengo wa feteleza, za minibasi idagwa ku Sharpevale, za mpunga wa ku Bwanje kuti chaka chino wachita bwino, uku akumwa pang'onopang'ono ngati sakudziwa kuti akumwa. Ine ndinkangoyang'ana pakhosi pawo. Mpongozi naye adapempha wotsala mumphika, osakakamizidwa, ndipo kuseri kwa nyumba sadapiteko.

Kenako adapendeketsa chikapu mpaka kumwamba, n'kuchiika pansi chopanda kanthu. Adapukuta pakamwa. Adadzuka, kutenga nkhwangwa, n'kulunjika kuseri kwa khola.

Iii, mwana uyu! Ndidaiwala bondo. Ndidadzuka n'kuwatsata, mawu onse oipa amene ndidawasunga chibatizidwire atafika kale pakamwa. Ndisanakhote pakona ndidamva nkhwangwa ikulira, go! go!

Ndidawapeza akudula nthambi za bulugamu wa m'malire. Adasema mitengo itatu. Umodzi adachirikizira khofi wa kumapeto uja, amene adapendekeka ndi mphepo chaka chatha. Iwiri adatsekera pobowoka pa khola, pomwe mbuzi zinkatulutsira mitu n'kumakungudza makungwa. Ndidaima pomwepo ndi mawu anga m'kamwa, osowa kowataya.

"Mwabwera kudzatani, amayi? Kakhaleni pansi."

"Ndimati ndione ngati nkhwangwa yanoledwa bwino."

Adamanga luzi, kukoka, kuyesa ngati zalimba. Kachewere adati akadzala kumunsi kwa munda, ngakhale dothi lake ndi lamiyala, ndipo akabereka tating'ono mlandu udzakhala wanga. Ndidati ndavomera mlanduwo. Akunyamula nkhwangwa kuti azipita adatembenuka.

"Koma chaka chamawa muphule msanga pang'ono. Ameneyu anapsa mopitirira."

Munthu wamwa khofi kamodzi chibadwire, kapu n'kukhala isanazizire, wayamba kale kuphunzitsa amake kukazinga.